Chimene chinachedwetsa anaNgozo ku Tete

A Wapampando ndi a komiti nonse,

Ndinadandaula koyamba Loweruka lija la msonkhano, pamaso panu, chigamulo chitangowerengedwa. Munandiuza kuti nthawi yatha, pali nkhani zina zikudikira. Ndinadandaula kachiwiri kwa mlembi wanu, mayi Zuze, titakumana pa chigayo cha mpunga pa Golomoti, ndipo iwo anati ndilembe. Ndinalemba, kalatayo ndinapereka pamanja, ndipo inzake yofanana nayo ili mu envulopu yanga pamodzi ndi mapepala onse a ulendowo. Mvula yagwa, tadzala, mpunga watulutsa ngala, yankho kulibe. Choncho ndalemba ulendo wonse, kuyambira pokwera mpaka potsika, kuti aliyense wa m'kalabu awerenge yekha.

Kwa amene mwalowa posachedwa: kalabu yathu ya mabanja, tikagulitsa mpunga, timasonkha n'kupita kukaona malo. Chaka chathachi, nyengo yozizira, tinapita ku Tete, mzinda wa ku Mozambique umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Titabwerako, komiti inagamula kuti okalamba asamapitenso nawo maulendo akutali, popeza amasochera ndipo amachedwetsa anzawo. Dzina silinatchulidwe. Koma anthu onse m'kalasi muja timachitira misonkhano anatembenuka kuyang'ana akazi anga, anaNgozo, ndipo ena anaseka. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pa msonkhano. Popita kumunda amazungulira kuseri kwa sukulu kuti asadutse pa mjigo pamene amayi a kalabu amakumana. Nkhani yake ndi imeneyi.

Pepala la ndondomeko ya ulendo, lotayipidwa ndi mlembi wanu, ndili nalo. Likuti tinyamuka pa Golomoti m'bandakucha wa Lachisanu, tifika ku Tete masana, madzulo ake tikwera boti pa Zambezi. Ine ndi anaNgozo tinafika pa siteji ogulitsa mandasi asanakoleze moto. Iwo anali asanatulukepo m'dziko muno. Kutali kumene anafikako ndi ku Lilongwe, komwekonso kunali ku chipatala. Nditawafunsa chimene akufuna kukaona, anati, “Bambo a Tereza, moyo wanga wonse ndalimbirana madzi a m'ngalande. Kutsegula, kutseka, kukangana ndi oyandikana nawo munda. Ndikufuna ndikaone madzi opanda wowatseka.”

Minibasi inafika dzuwa litatuluka, ana a sukulu akudutsa. Dalaivala wake, Yohane, anatsika akutafuna chinangwa.

“Aphunzitsi, musayang'ane wotchi,” anandiuza. “Galimoto iyi imangochedwa kudzuka, koma ikadzuka simungaigwire.”

“Nanga utsi ukutuluka kunsiwu?”

“Ndi za m'mawa zimenezo, madala. Inunso mumatsokomola podzuka.”

Tisanalowe mu msewu, inuyo a Chikaonda, monga Wapampando, munati tidzere kwanu pang'ono. Kumeneko tinapakira matumba a mpunga amene munati wogula akuwadikira pa Dedza. Pa ndondomeko palibe matumba. Anaikidwa pansi pa mipando ndi podutsa, moti anaNgozo anakwera phiri lonse mawondo ali pachifuwa, osadandaula.

Amene anakwerapo phiri la Khwekhwelere akudziwa mmene msewuwo umapindikira. Galimoto ya Yohane inayamba bwino, ana akuimba kumbuyo. Titafika chapakati inayamba kubuula, kenaka pansi pa mpando wa dalaivala panatuluka nthunzi ngati tavundukula mphika wa mbatata. Tinatsika tonse. Yohane anaika mwala kuseri kwa tayala, anayang'ana injini nthawi yaitali, n'kunena kuti ili ndi ludzu. Zigubu zinalipo, madzi munalibe.

Achinyamata anathamangira kumphepete kukajambula chigwa. Mayi Zuze anakhala pa mwala, chifukwa nsapato zawo zazitali sizikanatha kutsika phompho. Amene anatenga chigubu ndi anaNgozo ndi amayi ena awiri achikulire. Anatsikira ku kamtsinje, anabwera atasenza, akuseka. Injini inamwa, inapuma, inamwanso. Kenaka Yohane anati anthu ndi matumba sizingakwere limodzi, china chiyende pansi. Matumba alibe miyendo, choncho tinayenda ndife, mpaka pamene msewu umayamba kugona. Ndikupempha komiti ikumbukire amene anayamba kufika pamwamba paja. Sanali achinyamata.

Pa Masasa kamphepo kanatilandira. Ife a kuchigwa kuzizira sitikudziwa, ndipo aliyense anayamba kufufuza juzi m'chikwama. Pofika pa Dedza milomo inali itauma. Wogula mpunga uja panalibe. Munamuimbira foni, anati ali pafupi. Tinadya mbatata yokazinga, tinaimbanso, anati akuimika njinga. Kodi njingayo ankaiimika ku Linthipe? Atafika anayamba kumasula thumba lililonse, kununkhiza, kutafuna, kutsutsa mtengo. Ife tili m'galimoto, mazenera otseka, ana akulira kuti akufuna kukakodza.

Pa chipata cha malire mapepala anga ndi a anaNgozo anali okonzeka, aliyense m'kathumba kake ka pulasitiki. Anadinda, tinadutsa, tinakhala pa benchi tsidya linalo. Apa ndi pamene zinadziwika kuti mphwanu, a Wapampando, wasiya pepala lake m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo waitchinjirizira matumba a mpunga amene apita ndi wogula uja. Anamutsatira pa kabaza. Tinadikira, osintha ndalama akutizungulira, wina akundiitana kuti bwana, wina papa, mpaka anatopa nane n'kukhala nawo pa benchi pomwepo.

AnaNgozo anayang'ana uku ndi uku. Amayi ogulitsa kabichi ankaitanira malonda m'Chichewa chathu chomwechi.

“Ndiye kunjako n'kumeneku?” anandifunsa.

“Talowa kale. Kuno ndi ku Kalomwe.”

“Kabichi yemweyo, mbuzi zomwezo. Mwatilipiritsa kuti tidzaone kabichi?”

Mayi wina wogulitsa anamva, anaseka, nati, “Dikirani mutsike, amayi. Kumunsiko mukavula ndi duku lomwe.”

Pa Ulongwe tinagula mabanzi aatali amene kumeneko amawatcha pau, ofunda, okhutitsa. Aka kanali koyamba kuti anaNgozo avomereze kuti ali kunja. Anasunga limodzi m'chitenje kuti akaonetse zidzukulu, koma tisanapite patali linali litatha. Msewu unali wautali, mbali zina wosalala, mbali zina maenje okhaokha, Yohane akuwazemba ngati akuvina. Limodzi sanalizembe, tayala linaphulika. Lapadera linalipo, koma linali pansi pa katundu yense, ndipo titalitulutsa tinapeza lilibe mpweya wokwanira. Mnyamata wa njinga anatibwereka pampu ya njinga. Azibambo anapopa mosinthana, aliyense akunena kuti mnzake sakupopa bwino.

Kenaka tinayamba kutsika, ndipo mawu a mayi wa kabichi aja anapherezera. Majuzi anavulidwa, mazenera anatsegulidwa, mphepo yolowa inali ngati ya pa ng'anjo ya njerwa. Kunayamba kuoneka milambe ngati ya kwathu kuno, ndipo anaNgozo anati bola mitengo yokha ikuwadziwa. Pa mphambano ya Musakama tinakumana ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku Mwanza, mndandanda wosatha. Ku Mowatizi fumbi la malasha linatida m'mphuno. Pamene tinkafika m'mbali mwa mzinda, tsidya lino la mtsinje, dzuwa linali litalowa. Zambezi tinangomuona ngati chinsalu chotuwa patali, magetsi a pa mlatho akuyaka. Za boti palibe anazitchula. Tinagona mu holo imene munatikonzera, amayi mbali ina, abambo mbali ina.

Ndikubwereza kuti boti linali la Lachisanu, ndipo linatayika Lachisanu, okalamba asanasochere kulikonse.

Loweruka m'mawa tinawoloka mlatho wapansi. Sindidzaiwala. Mlathowo umapachikika pa zingwe zachitsulo, ndipo galimoto yaikulu ikamadutsa umanjenjemera pansi pa mapazi. Ana anakuwa, mayi Zuze anagwira mkono wanga osapempha. AnaNgozo anaima pakati, anagwira chitsulo ndi manja onse, anayang'ana kumene madzi akuchokera, anatembenuka kuyang'ana kumene akupita. Anagwiritsitsa chitsulocho moti ndinaganiza kuti achita chizungulire.

“Onsewa akungopita?” anafunsa.

“Akupita kunyanja ya mchere.”

“Usiku womwe? Popanda wowapatutsira m'munda?”

“Popanda.”

Anapukusa mutu, akumwetulira ngati mtsikana. “Abale inu. Ife timenyanirana makasu chifukwa cha madzi osafika m'bondo.”

Tsidya linalo tinaona linga lakale la miyala, tchalitchi chakale, ndi malo osewerera ana m'mbali mwa mtsinje, okhala ndi akatungwe achitsulo ndi potsetsereka. Ana athu anasewera mpaka zovala zinada. Tinawagulira ayisikilimu, amene ankasungunuka asanafike pakamwa. Munakafunsa za boti, a Wapampando, ndipo munabwera ndi yankho lakuti lero alipangana kale ndi anthu ena. Pamenepo munalamula kuti tonse tipite ku sitolo yaikulu ya m'katikati mwa mzinda, imene akuti mkati mwake mumazizira ngati pa Dedza, ndipo masana tikumane pomwetsera mafuta pafupi ndi mlatho.

Mapazi a anaNgozo anali atatupa ndi kukhala kwa dzulo lake. Ndinabwera kwa inu ndi kupempha kuti ife titsale. Munayankha kuti, “Khalani pamthunzi, aphunzitsi, sitolo si ya msinkhu wanu.” Mawuwa ndinawalemba kuseri kwa ndondomeko nthawi yomweyo. Tinatsala ndi chilolezo. Nambala ya foni ya kumeneko munali nayo inu nokha, ndipo simunaipereke kwa wina aliyense. Mafoni athu anali atasanduka tochi kuyambira pa Ulongwe.

Mutapita, anaNgozo anati kuona kokha sikukwana, akufuna akhudze madziwo. Tinatsika pang'onopang'ono ndi kamsewu kotsata mtsinje. Patsogolo tinaona nthambi za masamba aawisi zitayalidwa pamsewu. Chipewa ndinavula ndisanaganize n'komwe. Kuseri kwa nthambizo kunali tenti yoyera. Azibambo anakhala pa mipando mbali ina, osayankhulana kwenikweni. Amayi anali pa mphasa mbali ina, miyendo atatambasula. Wailesi kunalibe, nyimbo kunalibe. Kumbuyo mapoto aakulu anali pamoto. Pakati pa amayiwo panali mayi achikulire atatsamira mzati, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Ndikufunsa komiti: munthu wokulira kwa Kachindamoto akaona zimenezi, amati waona chiyani?

“Bambo a Tereza,” anaNgozo ananong'ona, “pali zovuta apa.”

“Kuno si kwathu, anaNgozo. Sitikuwadziwa anthuwa.”

“Ndiye tingodutsa ngati mbuzi? Mukanakhala inu mwagona m'nyumbamo, mukanafuna alendo azingodutsa?”

Anavula nsapato, anamanga chitenje china pamwamba pa diresi, anawerama, analowa pa mphasa. Anakhala pafupi ndi mayi aja, anawagwira dzanja, n'kuyamba kulira motsitsa, monga amachitira munthu wongofika kumene pa siwa. Ine ndinapita kwa azibambo, ndinagwirana nawo chanza mmodzimmodzi, ndikunena kuti pepani, pepani. Anandilandira bwino. Wina anandipatsa mpando. Wina anandipatsa botolo la chakumwa chozizira, ndipo ndinaganiza kuti maliro a m'tauni ndi otero.

Mayi aja anayang'ana anaNgozo, anayang'ana anzawo. Poona mlendo akulira chotero, anaganiza kuti mlendoyo ndiye wakumana ndi zovuta. Anawakumbatira, anayamba kuwasisita kumsana, kuwatonthoza m'chiyankhulo chawo. AnaNgozo poona kuti namfedwa wawakumbatira, anakweza mawu. Mayi aja nawonso chisoni chinawagwira, anayamba kulira zenizeni. Amayi ena awiri anasendera pafupi, misozi italengeza m'maso. Aliyense akutonthoza mnzake.

Kenaka kunalira hutala. Inafika galimoto yaing'ono yodzaza mabaluni, kumbuyo kwake kuli zokuzira mawu ndi jenereta. Munatsika kamnyamata kovala suti yoyera, pambuyo pake amayi ake atanyamula keke yooneka ngati galimoto ya ozimitsa moto. Anthu onse anadzuka, kuomba m'manja ndi kululutira. Ine ndinatsala nditakhala, chipewa chili pa bondo, botolo lili m'manja.

Amayi a mwanayo anaika keke pa tebulo, anaona apongozi awo ali m'manja mwa munthu wachilendo, onse nkhope zili zonyowa. Anamva anaNgozo akuti mayo ine, ndipo anagwada n'kuyankhula Chichewa, popeza kwawo ndi ku Ulongwe. Dzina lawo ndi Lusiya.

“Agogo, mwaferedwa kodi?”

“Ayi mwanawe. Ife timati mwaferedwa ndinu.”

Lusiya anatembenuka n'kufotokozera anthu. Sindinamvepo chiseko chotero. Bambo amene anandipatsa botolo uja anagwada pansi atagwira mwendo wa mpando. Zinapezeka kuti nthambi zija anaziyala chifukwa pamsewupo panali dzenje la mapaipi. Misozi ya mayi aja, amene amawatcha Dona Roza, inali ya anyezi amene anali atangomaliza kudula. Chete uja anali wa kutentha ndi kudikira nyimbo. Linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa mdzukulu wawo, Nelito.

Amene sanaseke ndi anaNgozo. Nkhope yawo inagwa. Ndinapita pafupi ndi kunena kuti tiyeni tipepese tizipita, dzuwa lakwera.

“Sindingachoke chonchi,” anatero. “Ndalirira mwana wamoyo pa tsiku lake. Ndimsiyire malodza? Akadzatentha thupi mawa, adzati ndi nkhalamba ya ku Malawi ija. Ndiyenera ndimunyamule, ndidye nawo, ndimuvinire, misoziyi ifafanizike.”

A komiti, ena mwa inu ndinakuphunzitsani ku pulayimale, ndipo makolo anu ndikuwadziwa. Ndani wa inu akanawauza amayi ake kuti zimenezo n'zopanda pake, tiyeni ku sitolo?

Lusiya anamasulira mawu a anaNgozo. Dona Roza anasiya kuseka. Anagwira dzanja la anaNgozo molimba, nayankhula nthawi yaitali.

“Akuti,” anatero Lusiya, “amuna awo atamwalira mumzinda muno, ena oyandikana nawo nyumba ankangodutsa pa geti akuyankhula pa foni. Lero munthu wachoka dziko lina, sakuwadziwa ndi dzina lomwe, wavula nsapato kudzawalirira. Akuti simuchoka, ngakhale mubwere ndi apolisi.”

Jenereta inalira, nyimbo zinayamba. AnaNgozo ananyamula Nelito, anamuvinira ndi mapazi otupawo, Dona Roza akuwayankha ndi chiuno, amayi onse akululutira. Mwanayo poyamba anachita mantha, kenaka anawaveka kachipewa kake ka pepala pamwamba pa duku. Tinadya nsomba yowotcha, nkhuku ya tsabola woti mpaka m'makutu, ndi mpunga umene anaNgozo anautafuna mosamala n'kundinong'oneza kuti ulibe fungo, anthuwa akanalawa wathu akanalira popanda anyezi.

Wotchi ndinkaiyang'ana. Nditaona kuti masana akwana, ndinauza Lusiya kuti anzathu akutidikira pafupi ndi mlatho. Anati ndisavutike, banja lawo lapangana ndi boti kuti liyendetse ana, ndipo litisiya pansi pa mlatho pomwepo, pafupi kuposa kuyenda wapansi ndi mapazi a agogo. Apa ndi pamene ndinadziwa anthu ena aja amene anatilanda boti. Ndinavomera, poganiza kuti tifulumira. Chimene sindinadziwe n'chakuti botilo liyamba lakwera kumtunda kuti ana aone zilumba za mchenga. Ndinayesa kuuza woyendetsa, koma iye anangondimwetulira n'kundiveka chovala choyandamitsa.

Za mtsinje sindinena zambiri. Ndinene za anaNgozo. Anakhala kutsogolo, Nelito ali pamiyendo, kachipewa kali pamutu, dzanja limodzi lili m'madzi. Poyamba anagwira mpando, kenaka anausiya. Anatunga madzi ndi chikhatho, anasamba kumaso, anasambitsanso mwanayo. Iwo ndi Dona Roza ankacheza osaleka, wina Chichewa wina Chinyungwe cha ku Tete, mawu ena akukumana ena akuphonyana, onse akugwedeza mitu. Takhala m'banja kuyambira ndili mphunzitsi wongoyamba kumene, koma nkhope imene ndinaiona m'boti muja sindinkaidziwa.

Pobwerera tinayandikira mlatho. Pamwamba pake panali anthu atandandalika pa chitsulo, akuyang'ana m'magombe, ena atatchinga maso ndi manja. Ndinazindikira malaya anu a mizeremizere, a Wapampando. Kenaka kamtsikana ka mayi Zuze kanakuwa, mawu ake anamveka mtsinje wonse: “Agogo ali m'boti! Agogo ali m'boti!” AnaNgozo anakweza manja onse, kukubayibitsani ndi mtima woyera. Ana onse anabayibitsa. Akuluakulu palibe anakweza dzanja.

Titatsika m'boti tinakwera minibasi, ulendo wobwerera unayambika. Inu munangoti, “Aphunzitsi, mwatichititsa manyazi,” ndipo ine ndinati tikakambirane kumudzi. Tinachedwa, sindikukana, koma kuchedwa kwathu sikunafike pa nthawi imene wogula mpunga anatidyera pa Dedza. Titapitirira Musakama, pokwera, galimoto ya Yohane inamvanso ludzu, ndipo ulendo uno madzi anali kutali. Tinapeza chipata cha malire chitatsekedwa, tinagona m'galimoto momwemo, mu chisanu cha pa Dedza. Zitenje zapadera za anaNgozo zinafunditsa ana a eni. Dona Roza anali atatimangira keke ndi nkhuku m'kabokosi, ndipo zimenezo ndi zomwe kalabu yonse inagonera. Inu, a Wapampando, munatenga kawiri, kachiwiriko munasankha pamene panali tayala la galimoto ya ozimitsa moto ija. Tinafika pa Golomoti Lamulungu masana.

Tsopano taonani chimene chigamulo chanu chikunena. Chikuti tinasochera. Sitinasochere. Tinkadziwa pamene tili, mlatho tinkauona nthawi yonse. Tenti tinaiyesa ya maliro, inde, ndipo wina aliyense wa inu akanaiyesa chomwecho, pokhapokha ngati munaiwala kumene munabadwira. Chimene munachiseka m'kalasi muja n'chomwe inu nomwe mumayembekeza kwa anaNgozo kukagwa zovuta pakhomo panu. Sanaphonyepo siwa ya aliyense wa m'kalabu ino. Kodi mtima umenewu ndi wabwino pa Golomoti pokha, ukawoloka malire usanduke ukalamba?

Sindikulemba ndi mkwiyo wokha. Lusiya amaimba foni kudzera kwa mwana wathu Tereza. Nelito ali bwinobwino, wayamba sukulu, sanadwalepo, ndipo anaNgozo amafunsa zimenezi asanapereke ndi moni womwe. Dona Roza akufunsa kuti anzawo abwera liti. Bambo ake a Nelito akuti kalabu yonse ikabwera, za boti ndi pogona tisavutike nazo, bola tibwere ndi agogo aja. AnaNgozo chaka chino awonjezera kamunda, ndipo anena kale kuti thumba loyamba la mpunga wonunkhira silogulitsa, ndi la ku Tete. Panyumba amafotokozera zidzukulu za mlatho wonjenjemera, amaseka mpaka kutsokomola. Akangomva mawu a munthu wa kalabu panja, amalowa kuchipinda. Chikhumbo cha ulendo chilipo, chimene chawathera ndi nkhope yoonekera nayo pamaso panu. Zimenezi mukhoza kuzikonza pa msonkhano umodzi.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti komiti iyankhe nkhaniyi mayina a ulendo wa chaka chino asanatsekedwe. Ngati chigamulo chikhalebe, mundilembere zifukwa zake, mutchulenso amene anatichedwetsa pa Khwekhwelere, pa Dedza ndi pa malire, kuti nawonso atsale. Ngati chichotsedwe, monga ndikukhulupirira kuti muchita, chichotsedwe mokweza, m'kalasi momwe muja chinawerengedwa, anthu omwe aja ali pomwepo. Ndipo msonkhanowo usanachitike, mmodzi wa inu abwere kunyumba kwathu, akhale pa khonde, awaitane anaNgozo ndi pakamwa pake. Ine ndayesa, akuti amene anawachotsa si ine.

Ndikuyembekeza yankho lanu.

Ine wanu,
Atanasiyo Chidothi, mphunzitsi wopuma